Lipoti la Ulendo wa ku Tucson: Kambalame Kotchedwa Junco ndi Zimene Kakutiuza Ife a pa Zomba

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu la okonda mbalame, ndikupereka lipoti ili potsata lamulo lathu lakuti wotumidwa aliyense alembe zimene wakaona pasanathe masabata atatu chibwerereni. Ndachedwa ndi sabata imodzi, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza pamodzi ndi nkhani ya ndalama, popeza ziwirizi n'zolumikizana. Sindinaiwale kuti tsiku limene munandisankha panali ena amene anafunsa poyera kuti munthu akatani kutsidya kwa nyanja kukamva za kambalame kosapezeka m'dziko muno, ngakhale mu Africa monse, pamene nkhalango ya paphiri pathu ikutha ndi moto ndi makala. Funsolo linali loyenera, ndipo ndinapita nalo m'mutu.

Msonkhanowu unali wa masiku anayi mumzinda wa Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, m'mwezi wa February, pamene kumeneko ili nyengo yozizira. Unasonkhanitsa ofufuza a m'mayunivesite pamodzi ndi anthu wamba onga ife, owerenga mbalame mongodzipereka. Tsiku loyamba linatha ndi kulembetsa, malonje ndi zolankhula za akuluakulu, ndipo masana ake kunali phunziro la mapulogalamu a pa kompyuta owerengera ziwerengero, lomwe sindinatolepo kanthu kothandiza gulu lopanda kompyuta ngati lathuli. Panalinso zokambirana za kalembedwe ka makalata opempha thandizo la ndalama. Mapepala ake ndabwera nawo ndipo ndawapereka kwa a Mlembi. Zimene ndinapitira zinayamba tsiku lachiwiri.

M'mamawa wa tsikulo, kusanache bwino, anatitengera ku Madera Canyon, chigwa cha m'mapiri a Santa Rita kum'mwera kwa mzindawo. Msewu umayambira m'chipululu chouma cha zomera zaminga, koma ukamakwera umalowa m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu, ndipo munthu wozolowera kukwera pa Zomba amamva kusintha kwa mpweya komweko kumene timamva tikadutsa makhona a msewu wopita pamwamba. Pamalo pena pamene anthu amathirapo njere, ndinapeza timbalame pafupifupi makumi awiri tikutola pansi, mwina mamita atatu okha kuchokera pamene ndinaima. Kukula kwake n'kofanana ndi mpheta yonenepa, kutalika pakati pa masentimita 13 ndi 17, kulemera magalamu 18 mpaka 30. Wina anali ndi mutu wakuda bii ngati wavala chipewa chofika pachifuwa, msana wofiirira. Wina anali ndi mutu wotuwa ngati phulusa ndi nthiti zofiirira mopepuka. Wachitatu anali wotuwa thupi lonse kupatula chigamba chofiira pamsana. Ndikanakhala ndekha ndikanalemba m'buku langa mitundu itatu mosakayika, koma bambo amene ankatitsogolera anati onsewo ndi mtundu umodzi, junco wa maso akuda, amene dzina lake la sayansi ndi Junco hyemalis. Kenaka anandilozera wina amene, m'maso mwanga, anali wofanana kwambiri ndi wachitatu uja, n'kunena kuti ameneyo ndiye mtundu wina. Nditayang'ana bwino ndi magalasi oonera patali ndinaona diso lachikasu lowala ngati mkanda, ndipo ndinaonanso kuti pamene anzakewo ankadumphadumpha, iye nthawi zambiri ankayenda chokwekwesa mapazi. Ameneyo ndi junco wa maso achikasu, Junco phaeonotus, wa m'mapiri a Mexico ndi Guatemala, amene malire ake a kumpoto amathera m'mapiri omwewo a Arizona ndi New Mexico. Galu wa munthu wina atadutsa, onse anauluka nthawi imodzi, ndipo aliyense anaonetsa nthenga zoyera za m'mbali mwa mchira, chizindikiro cha fuko lawo lonse.

Zimene ndinaona m'mamawa umenewo ndizo zinali mutu wa zokambirana za masana ake, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono chifukwa m'pamene pali phindu la ulendowu. Kuti timvane, ndigwiritsa ntchito mawu amene tinagwirizana pa maphunziro athu a chaka chatha: banja, fuko, mtundu, ndi nthambi za mtundu. Woyamba kupatsa junco wa maso akuda dzina la sayansi anali Linnaeus, katswiri wa ku Sweden, mu 1758, potengera zimene analemba ndi kujambula Mark Catesby, Mngelezi amene anayenda kum'mawa kwa America n'kuitcha mbalame ya chipale chofewa. Mawu akuti hyemalis ndi a Chilatini, otanthauza za nyengo yozizira, chifukwa anthu ambiri a kumeneko amaiona pakhomo pawo kuzizira kukayamba, ikachoka ku nkhalango za ku Canada ndi kumapiri kumene imaswera. Dzina la fuko lakuti Junco linakhazikitsidwa ndi Johann Georg Wagler wa ku Germany mu 1831, ndipo ndi mawu a Chisipanishi otchulira udzu wa m'madambo wonga mlulu, zomwe zinaseketsa anthu mu holo popeza mbalameyi si ya kudambo ayi. Kwa nthawi yaitali ajunco ankaikidwa m'banja limodzi ndi mbalame za fuko la Emberiza zimene timaziona m'miyala ndi m'nkhalango za miombo kuno kwathu, koma kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti mpheta za ku America zili ndi mzere wawowawo, ndipo mu 2017 bungwe la American Ornithological Society linaziika m'banja lapadera la Passerellidae.

Nkhani yovuta ndi ya chiwerengero cha mitundu. Mu 1941 Alden Miller wa ku California anasindikiza kafukufuku wamkulu wa fuko limeneli, atayeza zikopa za mbalame zikwizikwi zosungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo mabuku a nthawi imeneyo ankawerenga wotuwa wa kum'mawa, wa mutu wakuda wa ku Oregon, wa mizere yoyera m'mapiko wa ku Black Hills, ndi wa mutu wotuwa wa kumapiri a Rocky ngati mitundu yosiyana. Mu 1973 komiti yoona za mayina inaphatikiza atatu oyambawo kukhala mtundu umodzi, ndipo wa mutu wotuwa anawonjezedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chifukwa chake chinali chakuti kulikonse kumene malire awo amakumana amakwatirana n'kubereka ana amene nawonso amabereka. Mkulu wina wachikulire amene ndinakhala naye pa tebulo anandiuza kuti anzake ena mpaka lero sanakhululuke, chifukwa anagona ali ndi mitundu itatu pa mndandanda wa mbalame zimene anaziona pamoyo wawo n'kudzuka ali ndi umodzi. Ndinaseka, koma ndinakumbukira mkangano wathu wa chaka chatha pa mndandanda wa gulu, umene unatidyera misonkhano iwiri yathunthu popanda wotuluka kukaona mbalame.

Mayi wina wofufuza za DNA ndiye anafotokoza chimene chinachitika, potengera ntchito ya Borja Milá ndi anzake imene inayamba kusindikizidwa mu 2007. Zaka zosakwana 20,000 zapitazo, gawo lalikulu la kumpoto kwa America linali litakutidwa ndi madzi oundana okhuthala, ndipo kunalibe nkhalango yoti junco n'kukhalamo. Madziwo atayamba kusungunuka nkhalango inakwera chakumpoto, ndipo mbalame zochokera kum'mwera, za mzere wa junco wa maso achikasu, zinaitsatira n'kufalikira mpaka ku Alaska ndi ku Newfoundland. M'kanthawi kochepa kameneko, kochepa poyerekeza ndi zaka za mitundu ina ya mbalame, nthenga zinasintha kwambiri dera ndi dera, koma DNA yambiri sinapeze nthawi yosiyana. N'chifukwa chake wa mutu wakuda ndi wotuwa uja amaoneka ngati alendo kwa wina ndi mnzake pamene m'magazi ndi pachibale chenicheni. Kum'mwera zinthu n'zotembenuka. Junco wa pa mapiri ophulika a ku Costa Rica ndi kumadzulo kwa Panama, Junco vulcani, amene amakhala pamwamba kwambiri pamene mitengo imathera, anapatuka kalekale ndipo ndiye wakutali kwambiri ndi anzake onse. Wa ku Sierra de la Laguna, kumapeto kwa Baja California, amaoneka ngati wa maso achikasu wamba, koma DNA ndi nyimbo yake zinasonyeza kuti ndi wosiyana, ndipo mu 2017 anamuzindikira kukhala mtundu pawokha, Junco bairdi. Pakati pa onsewa pali wina wa msana wofiira wa kumapiri a Arizona ndi New Mexico amene ali ndi maso akuda koma mlomo wa mawanga awiri ngati wa maso achikasu, ngati kuti anaima pakati pa njira osasankha kopita. Pamene mayiyu ankalankhula ndinakweza dzanja n'kunena kuti ife nkhani yotere tili nayo m'nyanja yathu, momwe mbuna za mitundu mazanamazana, zosiyana maonekedwe kuchokera pa chilumba china kufika pa china, zili pachibale chapafupi kwambiri. Anavomereza, ndipo pa nthawi ya tiyi anthu angapo anabwera kudzandifunsa za Nyanja ya Malawi. Ndikunena izi kuti amene ankati nthumwi yathu ikangokhala duu kumbuyo adziwe kuti dzina la dziko lathu linamveka mu holo imeneyo.

Maganizo anga pa chigamulo cha 1973 ndi akuti komitiyo inalondola pa sayansi koma inasiya chilonda chimene sinachiganizire. Anthu ambiri owerenga mbalame atamva kuti onse ndi mtundu umodzi anayamba kungolemba dzina limodzi, osasiyanitsanso nthambi, moti zolemba zawo sizingathandize wofuna kudziwa ngati nthambi yakutiyakuti ikuchepa. Ena mu holo anatsutsa kuti owerenga osamala sanasiye kulemba nthambi, ndipo n'zoona, koma osamala ndi ochepa kulikonse.

Chimene chinandikhudza mtima koposa ndi nkhani ya chilumba cha Guadalupe, chomwe chili m'nyanja ya Pacific pafupifupi makilomita 240 kuchokera kugombe la Baja California ku Mexico. Amalinyero a m'zaka za m'ma 1800 anasiyapo mbuzi kuti azipeza nyama akamadutsa, ndipo mbuzizo zinaswana n'kudya chilichonse chomera mpaka nkhalango ya mikungudza ndi paini inatsala tizigamba. Amphaka olowerera ankadya mbalame, ndipo mitundu ingapo ya mbalame za pachilumbapo inatheratu. Junco wa pamenepo, wa mlomo wautali kuposa anzake a kumtunda, anatsala ochepa kwambiri, komabe kwa zaka zambiri mabuku ankamulemba ngati nthambi chabe ya junco wa maso akuda, mbalame yopezeka mamiliyoni ambirimbiri. Mbuzi zinachotsedwa zonse pofika cha m'ma 2007, mitengo inayamba kuphukanso, ndipo mu 2014, kafukufuku atasonyeza kuti mzere wake unapatuka zaka mazana a zikwi zapitazo, anabwezeredwa pa mndandanda ngati mtundu pawokha, Junco insularis. Wofotokozayo anaonetsa zithunzi ziwiri za phiri limodzi, china cha nthaka yofiira yopanda kanthu, china cha timitengo tofika m'chiuno, ndipo mu holo munangoti zii.

A Wapampando, apa m'pamene funso la anzathu aja likuyankhidwa. Mapiri a ku Arizona amawatcha zilumba za m'mwamba, chifukwa lililonse ndi nkhalango yozizira yozunguliridwa ndi chipululu, ndipo mbalame ya pa phiri lina sichedwa kusiyana ndi ya pa linzake. Zomba, Malosa ndi Mulanje ndi zilumba zoterozo. Kambalame kathu ka pakhosi pachikasu, Apalis flavigularis, sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula pa mapiri atatuwa, ndipo kali pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yakutha. Komabe akatswiri ena amakawerenga ngati nthambi ya Apalis thoracica, amene amapezeka kuyambira ku South Africa mpaka ku Kenya. Mukatsata oyambawo, Malawi ali ndi mbalame yakeyake imene dziko lonse liyenera kuiteteza; mukatsata achiwiriwo, kambalame komweko kamasowa m'kati mwa dzina la mtundu umene suli pangozi iliyonse. Chimodzimodzinso Emberiza vincenti wa m'miyala ya mapiri athu, amene mindandanda ina imamupatula pamene ina imamuphatikiza ndi wa ku Cape. Ndikudziwa kuti m'gulu lathu muli ena amene amanena kuti tidikire akatswiri agwirizane kaye tisanayambe kuwerenga kambalameka mwezi ndi mwezi. Ine ndikutsutsa maganizo amenewo poyera. Akatswiri a ku America, ndi ndalama zawo zonse, akhala akusinthasintha mndandanda wa ajunco kwa zaka zoposa 80 ndipo sanamalize. Junco wa ku Guadalupe akanadikira chigamulo chawo mbuzi zili m'nkhalango, dzina latsopanolo likanapeza palibe wolivala. Tizilemba kambalame kathu payekha m'mabuku athu, ndi malo ake enieni, kaya buku la chaka chimenecho likukatcha chiyani.

Tsiku lachitatu linali la moyo wa mbalameyi. Junco amamanga chisa pansi, m'kadzenje ka pansi pa muzu, mwala kapena tsinde la udzu, ndipo wamkazi amaikira mazira atatu mpaka asanu n'kuwafungatira yekha masiku 12 kapena 13. Ana amachoka m'chisa asanakwanitse masabata awiri, asanadziwe n'kuuluka komwe bwinobwino, chifukwa chisa cha pansi ndi chakudya cha njoka ndi timbewa ta m'nkhalango. Akuluakulu amadya njere nthawi yozizira, koma ana amawadyetsa mbozi ndi tizilombo. Ellen Ketterson ndi Val Nolan a ku Indiana University anasonyeza mu 1976 kuti akazi amapita kum'mwera kwambiri kuposa amphongo pothawa kuzizira, moti gulu la ajunco kumpoto limachuluka amphongo pamene la kum'mwera limachuluka akazi. Awiri omwewa, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pa Mountain Lake ku Virginia, ankaika timachubu ta testosterone, mphamvu ya m'thupi yopereka khalidwe lachimuna, pansi pa khungu la amphongo ena n'kuwatsatira. Amphongo amenewo ankaimba kwambiri, ankayenda dera lalikulu, ankabereka ana ambiri m'zisa za anzawo, koma ankadyetsa ana a m'chisa chawo mwa apo ndi apo ndipo sankakhala moyo nthawi yaitali. Amayi a mu holo anaomba m'manja pa mfundo imeneyi, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Koma nkhani imene ndakhala ndikuiganizira chibwerereni ndi ya William Rowan wa ku University of Alberta, mumzinda wa Edmonton ku Canada. Mu 1924 anagwira ajunco amene anali pa ulendo wopita kum'mwera n'kuwatsekera m'makola kuseri kwa nyumba yake. M'khola lina anaikamo mababu a magetsi, ndipo tsiku lililonse ankawonjezera mphindi zochepa za kuwala dzuwa likalowa, pamene khola linalo analisiya ndi kuwala kwa dzuwa kokha. Pakati pa nyengo yozizira, madzi ataundana paliponse, mbalame za m'khola la magetsi zinayamba kuimba ndipo ziwalo zawo zoberekera zinakula ngati nthawi yoswana yafika, pamene zinzawo zinangokhala chete. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 1925, ndipo zinasonyeza kuti chimene chimauza mbalame za kumeneko nthawi yoswana ndi kutalika kwa usana, osati kutentha. Munthu ameneyu analibe nyumba yofufuzira yapamwamba. Anali ndi makola, mababu ndi buku lolembamo tsiku ndi tsiku. Komabe tisatengere mfundo yake kuno osaganiza. Ku Edmonton usana umatalika kuchokera pa maola osakwana 8 mu December kufika pafupifupi 17 mu June, pamene kuno ku Zomba kusiyana kwa chaka chonse sikufika maola awiri. Mbalame zathu zambiri zimayendera mvula ndi chakudya chimene mvulayo imabweretsa, ndipo anamzeze ochokera ku Ulaya amene timawaona pa mawaya a magetsi m'dzinja ndiwo amayendera kalendala ya kumpotoko. N'chifukwa chake ndikubwerezanso pempho limene ndinapereka zaka ziwiri zapitazo, lakuti tigule choyezera mvula chimodzi ndipo aliyense wolemba chisa azilembanso tsiku limene mvula yoyamba inagwa. Pemphoto linakanidwa ponena kuti ndalama palibe, koma mwezi womwewo gulu linagula malaya olembedwa dzina lathu amene theka lake lidakali m'katoni.

Panalinso nkhani ya ajunco a mumzinda. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kagulu kochepa, m'malo mobwerera kumapiri kukaswana, kanakhazikika pa yunivesite ya California ku San Diego, pafupi ndi nyanja, pakati pa nyumba, magalimoto ndi kapinga wothiriridwa. Pamela Yeh ndi Trevor Price atawafufuza anapeza kuti patangopita zaka pafupifupi makumi awiri nthenga zoyera za kumchira zinali zitachepa poyerekeza ndi za abale awo a kumapiri, ndipo nyengo yawo yoswana inatalika moti ena amaswa kanayi pa chaka. Ofufuza ena anapezanso kuti saopa anthu kwambiri ndipo amaimba ndi mawu opyapyala kuposa anzawo a kumapiri kuti amveke pakati pa phokoso la mumzinda. Kusintha kumene ena a ife timaganiza kuti kumafuna zaka mamiliyoni kunaoneka m'moyo wa munthu mmodzi, pabwalo pamene ophunzira amadyera nkhomaliro. Ndinaganiza za apumbwa a m'tauni mwathu ndi a m'nkhalango ya pamwamba, ndipo ndikuona kuti ana a sukulu amene timawaphunzitsa Loweruka angathe kuyeza mtunda umene munthu amayandikira mbalame isanauluke, popanda chida china choposa chingwe choyezera.

Tsiku lomaliza m'mawa linali la ziwerengero, ndipo silinali losangalatsa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019 anapeza kuti America ndi Canada ataya mbalame pafupifupi 3 biliyoni kuyambira 1970, ndipo mwa zimenezo pafupifupi 168 miliyoni ndi ajunco a maso akuda, mbalame imene aliyense kumeneko amaiyesa yosatha chifukwa amaiona pakhomo chaka chilichonse. Palibe akanadziwa zimenezi pongoyang'ana pa zenera. Zinadziwika chifukwa anthu wamba akhala akuwerenga malo omwewo, nyengo yomweyo, chaka ndi chaka, ndipo kuwerenga kwawo kwa nthawi ya Khirisimasi kunayamba mu 1900 ndi Frank Chapman n'kupitirira osadukiza mpaka lero. Atandifunsa kuti gulu lathu lili ndi zolemba za zaka zingati, ndinayankha kuti zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinachita manyazi mumtima chifukwa ndinkadziwa kuti mabuku a zaka zitatu zoyambirira sali m'manja mwa gulu. Ali kunyumba kwa membala wina amene anasiya kubwera titasemphana pa chisankho chapitacho, ndipo makalata awiri amene komiti inalonjeza kumulembera sindinaonepo ngakhale imodzi. Buku lachinayi ndinaliona ndi maso anga mu kabati ya mu ofesi, chiswe chitadya masamba a miyezi ya mvula. Sindikutchula munthu dzina, koma ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo akulu awiri apite okha kukalankhula naye m'malo modikira kalata. Pa magalasi oonera patali asanu amene tinapatsidwa, amene ndinawapeza pokonzekera ulendo ndi awiri, ndipo amene ndinapita nawo ndinachita kubwereka kwa mlamu wanga.

Masana ake anakambirana chigamulo chimene American Ornithological Society inalengeza mu November 2023, chakuti mayina a Chingelezi a mbalame otchulidwa potengera anthu asinthidwa, kuyambira ndi mbalame za ku America ndi Canada, kuti dzina lizifotokoza mbalameyo. Mkangano unali waukulu, ndipo ena ankati kutero n'kufafaniza mbiri. Ine ndili kumbali ya osintha, ngakhale sindinalankhulepo popeza ndinali mlendo. Dzina lakuti wa maso achikasu linandithandiza kuzindikira mbalame m'mphindi imodzi ku Madera Canyon, pamene dzina la Baird, munthu amene Junco bairdi uja anatchulidwa potengera iye, silikanandiuza choti ndiyang'ane. Koma vuto lathu kuno ndi lina. Ife timbalame tambirimbiri timangotitcha mpheta kapena timba, ndipo mayina enieni amene agogo a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amawadziwa sitinawalembe. Mwana wa ku Domasi sangateteze kambalame kamene dzina lake amalimva m'Chilatini chokha.

Pa nkhani ya ndalama, tikiti ya ndege ndi malo ogona zinalipiridwa ndi okonza msonkhano, monga ndinanenera ndisanapite. Gulu linavomereza kundipatsa alawansi ya chakudya, ndalama ya viza ndi ya basi yopita ku Lilongwe ndi kubwerera. Ya viza ndinalandira pa nthawi yake ndipo ndikuthokoza. Theka la alawansi linafika ndili kale ku Tucson, tsiku lachitatu, moti masiku awiri oyamba ndinadalira tiyi wa pamsonkhano ndi chiponde chimene mayi a kunyumba anandilongedzera. Theka linalo sindinalandire mpaka lero, ndipo ya basi yobwerera ndinakongola, n'chifukwa chake sabata yoyamba chibwerereni ndinaithera pa ntchito yobweza ngongoleyo m'malo molemba lipoti. Amene akhala akunena kumbali kuti ndinakadyerera kunja angathe kuona malisiti onse, amene ndawamata pa mapepala anayi n'kuwapereka kwa a Msungichuma Lachiwiri lapitali. Pa ndalama yanga ndinagula buku limodzi la zithunzi za mpheta za ku America, ndipo ndalipereka ku gulu; tsamba la ajunco ndalipinda pakona kuti ana a Loweruka akaone mitu yosiyanasiyana ija ili pa tsamba limodzi.

Ndikupempha komiti kuti ivomereze kuti kuwerenga kwa Apalis flavigularis kuyambe Loweruka loyamba la mwezi wamawa, m'njira ziwiri zokha zimene tonse timazidziwa, ya ku Chingwe's Hole ndi yotsata mtsinje wa Mulunguzi, kuyambira 6 koloko m'mawa, anthu awiriawiri, ndipo zolembazo zizijambulidwa pa foni tsiku lomwelo n'kutumizidwa kwa anthu atatu osiyana. Njira ya ku Mulunguzi ndiyamba ndine, ndipo ndikufuna mnzanga mmodzi wa makutu akuthwa, chifukwa kambalameka kamamveka kasanaoneke.